Kachipambano ka lero musakapeputse

Mafumu ndi amayi a geni, nthawi zambiri mu danga lino timakamba za mitengo ya katundu. Lero tikambe za chinthu chimene chimagwetsa mabenchi ambiri ngakhale malonda akuyenda: kudya mpamba mosadziwa.

Aliyense wogulitsa pa Lirangwe kapena ku Chileka anaziwonapo izi. Munthu wapikula dengu la tomato, waika milu, makasitomala abwera, ndalama zalowa m'chikwama. Masana wagula ndiwo za kunyumba, mwana wabwera kudzatenga ya kope, mnansi wakongola milu iwiri. Tsiku lokapikulanso likafika, ndalama sikukwana dengu. Palibe amene waba. Phindu ndi mpamba zinagona m'chikwama chimodzi, ndipo dzanja silisiyanitsa.

Mankhwala ake tonse timawadziwa: kulemba zolowa ndi zotuluka, kupatula mpamba, kusunga kangachepe tsiku lililonse. Vuto ndi loti timayamba ndi moto mu Januwale, pofika pa Isitala kope lija ana akulemberamo masamu. Chimativuta n'chiyani?

Chizolowezi chatsopano chimalipira mochedwa. Mukagulitsa mulu, ndalama mumaigwira pompo. Koma mukalemba m'kope lero, palibe chimene mwapata lero. Phindu lake limadzawoneka patapita miyezi. Mtima wa munthu umabwerera kumene unamva kukoma, n'chifukwa chake ntchito yosakoma pachiyambi imafa msanga.

Akatswiri a pa University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera kanthu katsopano tsiku ndi tsiku. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2009, zinawonetsa kuti pamatenga masiku pafupifupi 66 kuti chinthu chiyambe kuchitika chokha popanda kudzikakamiza. Ena anazolowera m'masiku 18, ena zinkafuna masiku 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa ntchito yonse. Katswiri wina, BJ Fogg wa ku Stanford University ku America, amaphunzitsa kuti munthu aziyamba ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo akangokachita azidziyamikira nthawi yomweyo, chifukwa kukondwa kumeneko ndiko kumamubweza mawa.

Ndiye kuti pali miyezi iwiri yowuma imene muyenera kuwoloka. Chokuwolotsani ndi kudzilipira nokha ndi tizipambano ting'onoting'ono.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe. Asayambe ndi kaundula wa mizere khumi. Sabata yoyamba azilemba zinthu ziwiri zokha akamaweruka: ndapikula zingati, ndagulitsa zingati. Akalemba, achonge pa kalendala. Basi. Loweruka akawerenga zochonga zisanu ndi chimodzi, chimenecho ndi chipambano, ndipo anene pakamwa kuti sabata ino ndakwanitsa.

Sabata yachiwiri awonjezere zotuluka: thiransipoti, chiphaso cha pamsika, majumbo, basela amene wapatsa makasitomala, ndi tomato wowola. Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka. Amapeza kuti basela ndi ngongole za achibale zikudya phindu kuposa kabaza. Kudziwa pamene pakudontha ndi chipambano chachiwiri, ngakhale musanatseke.

Sabata yachitatu ayambe kupatula. Tinene K500 patsiku. Masiku asanu ndi limodzi ndi K3,000. Masabata anayi ndi K12,000. Akafika masiku 66 ndi K33,000. Wina anena kuti ndalama imeneyi ndi yochepa masiku ano. Zowona. Koma tsiku limene mwana wadwala kapena mvula yawononga katundu, ndi yomweyo imene imakuletsani kugogoda pakhomo pa wakatapira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nanga kukondwerera kwake kukhale kotani? Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ena chikondwerero ndicho chimawagwetsa. Bambo wa kabaza ku Chileka akasunga K3,000 pasabata, n'kukamwera K4,000 posangalala kuti wasunga, wabwerera m'mbuyo. Chikondwerero chisamadye chimene mukukondwerera. Chikhale chaulere, kapena chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene mwasunga. Pa K3,000 ndi K300 basi.

Chachiwiri, chizibwera pompo. Mukachonga, yang'anani mzere wa zochongazo, muwerenge. Musadikire Disembala kuti mudzamve kukoma.

Chachitatu, wina adziwe. Pezani mnzanu wa benchi yoyandikana amene mumakhulupirirana, muziwonetsana zochonga Loweruka lililonse. Simukuyenera kumuwuza kuchuluka kwa ndalama, ingomuwonetsani masiku. Kunyumba nako, amuna anu kapena akazi anu akadziwa kuti kachikwama aka ndi ka mpamba, mikangano ya madzulo imachepa.

Amene muli m'mabanki a m'khonde, nzeru imeneyi mukuigwiritsa kale ntchito. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo yafalikira m'midzi yathu. Tawonani mmene imayendera: mukagula sheya, mlembi amadinda kapena kulemba m'kabuku kanu anzanu akuwona. Kachidindo kameneko ndi kachipambano ka sabata imeneyo. Anthu amapirira mpaka tsiku logawana chifukwa sabata iliyonse amawona kabuku kakudzaza. Chipereganyu nachonso chimayenda chifukwa anzanu akukuyang'anani. Kalendala yanu ikugwira ntchito yomweyo.

Tsiku lina mudzaphonya. Kudzagwa maliro, malonda adzavuta, kapena mudzangoiwala. Musang'ambe kope. Siyani mpata pa tsikulo, mawa muchonge. Chimene chimapha chizolowezi ndi kunena kuti ndalephera kale, ndidzayambiranso chaka chamawa. Tsiku lovuta ikani ngakhale K100, kuti dzanja lisaiwale njira.

Chenjezo lina ndi la mphamvu ya kwacha. Mukukumbukira kuti ndalama yathu inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yopikulira inakwera. Ndalama yogona m'chitini kwa chaka imachepa mphamvu. Choncho dziikireni malire. Ikakwana ndalama imene munapangana ndi mtima wanu, gawo lina likhale lodikira zadzidzidzi ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, kutali ndi dzanja, ndipo kumbukirani kuti potapa amadula. Gawo lina ligwire ntchito: onjezerani katundu wosawola msanga monga nyemba, mchere kapena sopo, kapena gulani sheya ina ku gulu.

Tsiku limene mudzapite ku Lunzu kapena ku Limbe kukapikula ndi ndalama yanuyanu, popanda kubwereka kwa munthu, lilembeni m'kope ndi zilembo zazikulu. Mukabwerako imwani tiyi wamkaka ndi chigumu, mwamugwirira ntchito.

Madzulo ano mukamalongedza katundu, tengani kope ndi cholembera, mulembe manambala awiri aja, muchonge tsiku loyamba.