Mwana wakomoka ndi malungo? Mwina shuga watsika

Mukangotchula mawu oti "shuga" pamsika wa Nambuma, aliyense amaganiza za matenda aja a akuluakulu, aja amaletsa munthu kumwa tiyi wotsekemera. Koma pali vuto lina la shuga limene limatenga ana mwakachetechete, ndipo ili si la kuchuluka ayi, koma la kuchepa. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, mwana amafooka, amagwedezeka ngati wakhunyu, amakomoka, ndipo thandizo likachedwa amatha kumwalira kapena kutsala ndi ubongo wowonongeka.

Kuno ku Nambuma, Kabudula, Nsaru, Mpingu mpaka ku Namitete, nthawi yoopsa zedi ndi kuyambira Disembala kufika Malichi. Apa mavuto atatu amakumana pakhomo limodzi. Nkhokwe zapepuka, udzudzu wachuluka, ndipo makolo ali kalikiliki kumunda, kuganyu kapena kuchigafa kusoka fodya. Mwana wamng'ono amasiyiridwa mkulu wake, kudya kwake kamodzi basi, dzuwa litapendeka. Malungo akamupeza ali chonchi, ndiye kuti zinthu zavuta.

Chifukwa chiyani ana?

Nsima, phala, mbatata, chinangwa, zonsezi zikalowa m'mimba zimasanduka shuga amene amayenda m'magazi. Ubongo umadya shuga ameneyu usana ndi usiku, supuma. Wotsala thupi limasunga m'chiwindi monga momwe timasungira chimanga m'nkhokwe. Munthu wamkulu nkhokwe yake ndi yaikulu, atha kugona ndi njala, m'mawa n'kudzuka kukalima. Ya mwana ndi kachikwatu chabe, pomwe ubongo wake ndi waukulu mukauyerekeza ndi kathupi kake. Ndiye chosungidwacho sichichedwa kutha.

Tsono onjezanipo malungo. Thupi likatentha limamaliza shuga mofulumira. Tizilombo ta malungo natonso timadya shuga yemweyo. Mwana akukana chakudya, chimene wadya akusanza, ndipo chiwindi chodwala chimalephera kupanga shuga wina. Chibayo, kutsekula m'mimba ndi kunyentchera zimachitanso chimodzimodzi. Palinso mowa: mwana akamwa kachasu kapena masese amene wina wasiya poyera, shuga amatha kutsika moopsa ngakhale wamwa pang'ono.

Kuchipatala amabaya chala n'kuyika kadontho ka magazi pakamakina. Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, makina akaonetsa nambala yochepera 2.5 kwa mwana wathanzi, kapena yochepera 3 kwa mwana wonyentchera kwambiri, pafunika thandizo pompo.

Zidadziwika kuno kwathu konkuno

Nkhaniyi si yochokera kunja ayi. M'chaka cha 1988, madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux pamodzi ndi anzawo adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Adapeza kuti mwa ana ofika ndi malungo aakulu, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amakhala shuga atatsika kale asanalandire mankhwala alionse, ndipo imfa zimachuluka kwambiri pakati pa ana otere.

Kale malungo aakulu ankachizidwa ndi kwinini, mankhwala amene nawonso amatha kutsitsa shuga. Kuyambira 2011 WHO idalangiza kuti ana azibayidwa artesunate m'malo mwake. Koma malungowo paokha akadatsitsabe shuga mpaka lero.

Kafukufuku wina wotchedwa SugarFACT adachitika pa Queen Elizabeth ndi pachipatala chachikulu cha Zomba, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2020. Madokotala adafuna kuona ngati kupereka shuga wa m'diripi kwa ana odwalitsitsa amene shuga wawo watsikako pang'ono chabe kungapulumutse miyoyo yambiri. Yankho lidali loti ayi: m'magulu onse awiri, opatsidwa ndi osapatsidwa, ana pafupifupi 15 pa 100 alionse adamwalira. Phunziro lake n'loti shuga payekha si mankhwala. Amangomugulira mwana nthawi. Matenda amene atsitsa shugawo, kaya ndi malungo kaya chibayo, ayenera kuchizidwa kuchipatala.

Muziona chiyani?

Poyamba mwana amakhala wolobodoka, wosafuna kusewera, kapena amangolira popanda chifukwa. Amatuluka thukuta, manja kunjenjemera, nkhope kutuwa. Wokulirapo amadandaula mutu ndi chizungulire, mwina kuyankhula zosamveka. Kenako amagona tulo tovuta kudzutsa, maso kutembenuzika, thupi kugwedezeka, basi wakomoka. Mwana wonyentchera nthawi zambiri saonetsa thukuta kapena kunjenjemera. Iye amangozizira thupi n'kumasinza. Musati wagona, mudzutseni muone.

Apa m'pamene mabanja ambiri amatayira nthawi. Mwana akagwedezeka ena amati walodzedwa. Akatupa miyendo ndi masaya agogo amati ndi tsempho, mlandu n'kuyamba pakati pa bambo ndi mayi, mwana ali gone pamphasa. Abale anzanga, milandu ija mudzakamba mwana atachira. Maola amene mukuthera kwa asing'anga kapena pabwalo, ubongo wa mwana ukhala ukufa ndi njala.

Chochita musananyamuke

Ngati mwana ali maso ndipo akutha kumeza, woyamwa mumuyamwitse nthawi yomweyo. Wopitirira miyezi isanu ndi umodzi mumupatse madzi a shuga: supuni yaing'ono ya tiyi yodzaza bwino, kusungunula m'masupuni aakulu atatu kapena anayi a madzi aukhondo. Akatsitsimuka mumupatse phala, chifukwa shuga wa m'madzi uja sakhalitsa m'thupi.

Ngati wakomoka kapena akugwedezeka, chonde musamuthire madzi, phala kapena mankhwala azitsamba m'kamwa. Zimalowera kumapapo, mwana n'kutsamwa. Musamulowetsenso supuni kapena kamtengo pakati pa mano. Mugonekeni chammbali, tengani supuni yaing'ono ya shuga, munyowetse ndi timadontho ta madzi kuti angokhala ngati phala louma, ndipo mupakeni kunsi kwa lilime kapena m'kati mwa tsaya. Shuga amalowa m'magazi kudzera momwemo. Njirayi idayesedwa pa ana ku Burkina Faso ndi ku Mali, ndipo WHO imaivomereza pamene diripi palibe. Bwerezani pakatha mphindi 20 zilizonse muli panjira.

Mawu akulu ndi omwewo: muli panjira. Musadikire kuti kuche, musadikire kuti bambo abwere kumsika. Pezani kabaza kapena ngolo, mufunditseni mwana, thamangirani kuchipatala cha pafupi, kaya ndi cha mishoni ku Nambuma, cha Kabudula kapena cha St Gabriel's ku Namitete. Akaona kuti zakula adzakutumizani ku Kamuzu Central. Ngati m'mudzi mwanu muli kiliniki ya mlangizi wa zaumoyo, mufunseni za mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo, amene amathandiza mwana wamng'ono wa malungo aakulu paulendo wopita kuchipatala. Mukafika pakhomo la chipatala musakhale pamzere. Nenani mokweza kuti mwana wakomoka. Mwana wotere saima pamzere.

Mankhwala enieni ali m'mbale

Kuteteza kuli m'kadyedwe ka tsiku ndi tsiku. Popeza nkhokwe ya mwana ndi yaing'ono, afunika kudya pafupipafupi. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku kuwonjezera pa bere. Wa miyezi 9 mpaka zaka ziwiri adye katatu kapena kanayi, ndi kachakudya kena kotolatola pakati. Asagone ndi njala, ndipo m'mawa asadikire nsima ya masana.

Si chakudya chilichonse chimene chimakhalitsa. Phala lamadzimadzi la ufa woyera lothira mchere wokha limadzaza mimba koma mphamvu mulibe. Pikani phala lolimbirako la mgaiwa, thiranimo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira, usipa wosinja kapena kasupuni ka mafuta ophikira. Mafuta ndi zomanga thupi zimachititsa kuti shuga azilowa m'magazi pang'onopang'ono, mwana n'kukhala ndi mphamvu nthawi yaitali. Futali, nthochi, mapeyala, maungu, nyemba ndi nkhwani wotendera, zonsezi ndi zathu zomwe.

Dera lino limalima mtedza ndi soya wambiri, koma chomvetsa chisoni n'choti mabanja ena amagulitsa zonse kwa mavenda nthawi yokolola, Januwale n'kupeza mwana akudya phala lopanda kanthu. Bambo, musanakweze matumba onse panjinga, siyaniko thumba la mwana. Ngakhale Likuni Phala yotchuka ija, imene idatenga dzina kuchipatala cha mishoni cha Likuni konkuno ku Lilongwe, ndi chimanga ndi soya basi, kuwonjezera mavitamini. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno adali opinimbira. Mwana wotere malungo akamugwira alibe podalira.

Nanga maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za pagolosale? Izi zimakweza shuga msanga n'kumugwetsanso msanga, ndipo mwana akakhuta zimenezi amakana nsima. Pangozi zingathandize ngati palibe china, koma si chakudya. Uchi musapatse mwana wosakwana chaka.

Mwana akadwala musaleke kumudyetsa poti akukana. Mupatseni pang'onopang'ono, kawirikawiri, ngakhale usiku. Akasanza dikirani pang'ono, yesaninso. Wotsekula m'mimba alandire Thanzi ORS ndi zinki, koma chakudya ndi bere zipitirire.

Za mavitamini ndi chiponde

Masiku ano m'misika ndi m'mabasi mwadzaza ogulitsa timabotolo tamtengo wapatali, ati towonjezera magazi, ati topatsa mphamvu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe vitamini kapena mankhwala a m'botolo amene angakweze shuga wa mwana wokomoka. Ndalama imeneyo ndi bwino kugulira mazira ndi usipa.

Zowonjezera zenizeni zimapezeka kusikelo. Vitamini A amaperekedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba amayamba mwana akakwanitsa chaka. Izi sizikweza shuga mwachindunji, koma zimalimbitsa thupi kuti lisagwe msanga. Kusikelo komweko amayeza mkono ndi kalamba kamitundu. Kakagwera pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, mwanayo ndi wonyentchera kwambiri.

Wotere amapatsidwa chiponde cha kuchipatala, chosakaniza mtedza, mkaka wa ufa, mafuta, shuga ndi mavitamini, chimene bungwe la Project Peanut Butter la Dr Mark Manary lidathandiza kufalitsa m'dziko muno. Chiponde chimenechi ndi mankhwala a mwana wodwalayo. Si chopaka pabuledi wa bambo, si chogawira ana onse, si chogulitsa pamsika. Ngati mwana wafooka mpaka kukana chiponde, amagonekedwa n'kumapatsidwa mkaka wapadera wotchedwa F-75 maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, makamaka pofuna kuti shuga asatsike. Amayi odikirira, nesi akakudzutsani pakati pa usiku musanyinyirike. Chakudya cha usiku chija ndicho chimapulumutsa.

Makanda ndi ana obaya insulin

Khanda lobadwa masiku asanakwane, lochepa sikelo, kapena lobadwa kwa mayi wa matenda a shuga lili pachiopsezo chachikulu. Liyamwe mu ola loyamba litangobadwa, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi. Likhale pachifuwa pa mayi, khungu kukhudza khungu, chifukwa kuzizira kumamaliza shuga. Likakana kuyamwa, likalobodoka kapena kunjenjemera, bwererani kuchipatala msanga. Musalimwetse madzi, phala kapena mankhwala achikuda.

Palinso ana amene ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulin tsiku lililonse. Kwa iwowa shuga amatsika akabaya koma osadya, kapena akasewera mpira nthawi yaitali. Makina akaonetsa pansi pa 3.9, kapena zizindikiro zikayamba, amwe masupuni aang'ono awiri kapena atatu a shuga m'madzi, ayezenso pakatha mphindi 15, kenako adye chakudya. Azikhala ndi kapepala ka shuga m'thumba, ndipo aphunzitsi ake adziwe. Mlingo wa insulin musasinthe nokha, kambiranani ndi achipatala, makamaka m'nyengo ya njala.

Gwero lalikulu likadali malungo. Ana agone m'masikito usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha akayezedwe tsiku lomwelo. Katemera wa malungo, amene adayamba kuperekedwa koyamba padziko lonse kuno ku Malawi mu Epulo 2019, amachepetsa malungo aakulu, choncho funsani kusikelo ngati mwana wanu ali woyenera kulandira.

Shuga wakwera mtengo, inde, ndipo m'makomo ambiri amaoneka pa Khirisimasi pokha. Komabe masupuni anayi okulunga m'kapulasitiki n'kusomeka padenga sangasaukitse munthu. Amfumu, akomiti ya zaumoyo ndi amayi a m'magulu, kambiranani mvula isanagwe: mwana akakomoka usiku, njinga ichokera kwa yani, ngolo ndi ya ndani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.