Madamu Aang'ono a Dothi ndi Madzi Osefukira: Phunziro la ku Mufakose

Mtsinje wa Marimba umayambira m'madambo a mzinda wa Harare, monga dambo la Monavale lomwe lidalowa m'pangano la Ramsar m'chaka cha 2013. Umadutsa cha ku Mufakose, kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, nukathira m'nyanja ya Chivero, yomwe idamangidwa m'chaka cha 1952. Mu Disembala 2023 mtsinjewu udasefukira nulowa m'nyumba za ku Budiriro, kufupi ndi Mufakose.

Gwero la vutoli ndi lodziwika. Dambo limamwa madzi a mvula ndi kumawatulutsa pang'onopang'ono. Anthu akamangamo nyumba kapena kulimamo chimanga, madzi onse amatsika nthawi imodzi. Damu laling'ono la dothi, lomangidwa pakhwawa kumtunda, limagwira ntchito yofananako: limasunga madzi a mvula yamkuntho, ndipo otsala amatulukira pangalande yotayira.

Komabe ife alangizi tichenjere. Damu lodzaza kale, kapena lokwiririka ndi matope, siliteteza munthu, ndipo likagumuka limaononga koposa mtsinje. Tsono tiwalangize alimi kuti asiye mamita 30 osalima kuchokera m'mphepete mwa mtsinje, monga anenera malamulo a Zimbabwe. Abzale vetiva pa akalozera kumtunda kwa damu. Achotse mitengo ndi chiswe pakhoma lake. Ndiponso alambule ngalande yotayira mvula isanagwe.

Malangizo omwewa ndi oyeneranso ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete. Koma poyamba titeteze madambo otsalawo, pakuti damu limangothandiza dambo, silingalowe m'malo mwake.