Lipoti labwino limachokera m'kaundula

Mukapita ndi mwana kusikelo ku Kapelula, mlangizi wa zaumoyo amalemba m'kabuku tsiku, kulemera kwa mwanayo ndi katemera. Akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta, monga DHIS2 yomwe Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero za m'zipatala, nawonso ali ndi kaundula wawo. Dzina lake ndi Git, ndipo adampanga ndi Linus Torvalds mu 2005.

Katswiri akasunga zomwe wasintha, Git amalemba dzina lake, tsiku ndi chifukwa chomwe wapereka. Mwezi ukatha amangotayipa "git log", mndandanda wa ntchito yonse n'kutuluka, wokaika mu lipoti. Pulogalamu ikasokoneza chiwerengero, amalondola pomwe vuto lidayambira.

Inunso odzipereka, lembani tsiku lomwelo khomo lililonse lomwe mwayendera. Mukadalira kukumbukira, mwana wophonya katemera sadzaoneka mu lipoti.