Paipi ya mabuleki a njinga yamoto: kodi nkoyenera kudzipangira?

M'boma la Mulanje, ntchito yambiri ya zaumoyo imayenda pa njinga yamoto. Alangizi a zaumoyo amakwera njinga popita kusikelo ya kumudzi, magazi ndi makhololo okapimidwa amanyamulidwa pa njinga kuchoka kuzipatala zing'onozing'ono, ndipo odwala ambiri amafika pa chipatala chachikulu cha boma kapena pa Mulanje Mission atakwera kabaza. Misewu yambiri ya m'mphepete mwa phiri ndi ya m'minda ya tiyi ndi yotsetsereka, ndipo m'dzinja imaterera. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse. Choncho mabuleki a njinga ndi nkhani ya zaumoyo, si ya amakaniko okha.

Momwe mabuleki amagwirira

Njinga zina, monga Yamaha AG200, zili ndi mabuleki okokedwa ndi waya. Zina zili ndi mabuleki a mafuta, makamaka kutayala lakutsogolo. Woyendetsa akafinya chogwirira, mafuta amakankhidwa kudutsa m'kapaipi kakang'ono mpaka kukafika patayala, pomwe amapanitsa mapadi pachimbale chachitsulo. Mafuta safinyika, nchifukwa chake mphamvu ya dzanja imafika yonse kutayala. Paipiyo ikangodontha kapena kuphulika, chogwirira chimafika mpaka kuchiwongolero popanda kugwira kanthu. Buleki yakutsogolo ndiyo imagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa njinga, kotero ikafa pamtsetse, yakumbuyo payokha nthawi zambiri siyikwanira.

Paipi ya labala ndi paipi yolukidwa

Njinga zambiri zimabwera ndi paipi ya labala yokhala ndi ulusi wolimba mkati. Ikakalamba imauma, imang'aluka ndi dzuwa, ndiponso imafufuma pang'ono mafuta akaikankha. Apa mpomwe woyendetsa amamva chogwirira chitafewa ngati siponji. Mabuku ambiri a njinga za Yamaha amalangiza kusintha paipi imeneyi pakatha zaka 4 zilizonse, ngakhale ikuoneka yabwino.

Pali mtundu wina wa paipi womwe mkati mwake muli pulasitiki wolimba wotchedwa Teflon, ndipo kunja kwake nkolukidwa ndi timawaya ta chitsulo chosachita dzimbiri. Paipi yotere siyifufuma kwenikweni, ndipo chogwirira chimakhala cholimba. Koma siyiwonjezera mphamvu ya tayala kugwira msewu. Ngati tayala latha kapena mapadi atha, paipi yodula siyingapulumutse munthu. Ilinso ndi zovuta zake. Timawayato timabisa zomwe zikuchitika mkati, moti paipi ikhoza kuwonongeka popanda kuonekera. Ikapindidwa kwambiri imathyoka mkati, ndipo ikamakhuza chinthu china imachipala ngati tupa.

Pomwe pali ngozi

M'maiko ena amagulitsa paipi yolukidwayi pamita, pamodzi ndi timitu take tomangira, kuti munthu adule yekha ndi kulumikiza. Ntchitoyi imaoneka yophweka, koma malo omwe paipi imakumana ndi mutu wake ndi omwe amalephera kawirikawiri. Paipi ikadulidwa mopendekera, kapena kawaya kamodzi kakalowa pomwe sikayenera, kapena mutu ukakhala wa kampani ina pomwe paipi ndi ya kampani ina, polumikizapo pakhoza kugwira bwinobwino njinga ili chiimire pagalaja, kenako nkusololoka tsiku lomwe woyendetsa wafinya mwamphamvu pozemba mwana kapena mbuzi.

Mapaipi opangidwa kufakitale amapanidwa ndi makina, ndipo mtundu wake umayesedwa potsatira miyezo monga SAE J1401 ndi FMVSS 106, yomwe imaona ngati paipi ingaphulike, ingasololoke pokokedwa, kapena ingathyoke pogwedezeka nthawi yaitali. Galaja ya pamsika ilibe makina oyesera zimenezi. Utali nawonso ndi wofunika: paipi yaifupi imakokeka foloko ikatambasuka pabampu, yaitali imakola tayala.

Choopsa kwambiri ndi kuzigamba. Paipi ya petulo, paipi ya madzi, kumanga ndi mphira ya chubu kapena waya, zonsezi sizingapirire mphamvu ya mafuta a mabuleki. Paipi yodontha siyimatidwa, imachotsedwa nkuikapo ina. Pomanga yatsopano pamafunikanso mawashala atsopano a kopa, chifukwa akale amakhala ataphwanyika kale, ndipo mpweya wonse uyenera kutulutsidwa m'paipi njinga isanayende.

Mafuta ndi chinyezi cha ku Mulanje

Mulanje ndi limodzi mwa maboma omwe amalandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo izi zimakhudza mabuleki. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. Malinga ndi muyezo wake, DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi ochepa chabe muyezowo umatsika kufika pa 155. Kwa DOT 3 ndi 205 akadali watsopano, 140 atayamwa madzi. Munthu akamatsika mtsetse wautali atanyamula mnzake ndi katundu, dzanja lili pabuleki njira yonse, mabuleki amatentha, mafuta amawira nkupanga nthunzi. Nthunzi imafinyika, ndiye buleki imasowa mwadzidzidzi ngakhale paipi ili yatsopano. Nchifukwa chake mafutawa amayenera kusinthidwa pakatha zaka 2, kuchokera m'botolo losatsegulidwa, ndipo pamtsetse woyendetsa aziika giya yaing'ono kuti injini ithandize kuchepetsa liwiro.

Mtundu wa mafuta oyenera umalembedwa pachivundikiro cha kathanki ka pachiwongolero. DOT 5 sasakanizidwa ndi enawo. Oyilo wa injini amafufumitsa labala wa mkati nkuwononga buleki yonse. Mafuta a mabuleki ndi poizoni: akamwedwa amatha kuwononga impso, choncho asasungidwe m'botolo la zakumwa pomwe ana angafikire, ndipo asapakidwe pabala kapena pachipere.

Zoyenera kuona njinga isananyamuke

Kuona mabuleki kumatenga mphindi ziwiri zokha. Woyendetsa afinye chogwirira mwamphamvu nkuchigwira kwa kanthawi. Chikamalowa pang'onopang'ono, penapake pakudontha. Ayendetse chala paipi yonse kufufuza ming'alu, potupa, ponyowa kapena timawaya totuluka. Akhotetse chiwongolero mbali zonse ziwiri kuti aone ngati paipi siyikukokeka. Aone mlingo wa mafuta pakawindo ka kathanki. Mafuta akuda ndi akale. Pa njinga za waya, aone ngati wayayo sanayambe kuduka ulusi pafupi ndi chogwirira.

Njinga ya kuntchito ikapezeka ndi vuto lililonse mwa awa, iimikidwe ndipo oyang'anira za mayendedwe adziwitsidwe tsiku lomwelo, ngakhale sikelo ichedwe. Odzipereka omwe amaitana kabaza kuti anyamule mayi woyembekezera kapena mwana wodwala akhoza kupempha mwaulemu kuti woyendetsa afinye buleki iwo akuona, wodwalayo asanakwere.