Chiwaya ndi Ndowa ya Mandasi

Pa msika wa Chikweo, kum'mawa kwa boma la Machinga, munthu wanjala amakhuta m'njira ziwiri. Akhoza kulondola utsi mpaka akafike pachiwaya, kapena akhoza kungokhala pamthunzi, chakudya n'kumupeza chili pamutu pa mayi wa mandasi. M'mizinda ya kunja muli magalimoto okhala ndi khitchini m'kati, monga a Kogi amene anayamba ku Los Angeles mu 2008 n'kumalengeza pa Twitter komwe aime tsikulo. Kwathu kuno ntchito ya galimoto yotere aigawana anthu awiri. Wina amasunga moto pamalo amodzi, wina amayenda nacho chakudya.

Chiwaya ndi chitsulo chophwatalala chokhala ndi dzenje pakati, chosanjikidwa pa ng'anjo, nkhuni zili pansi. M'dzenjemo ndimo muwira mafuta. Mnyamata amaponyamo mbatatesi yoduladula, amaitembenuza, ikapsa amaikokera m'mphepete momwe mukhala nyama ya mbuzi ndi zam'kati. Wogula amaloza nthuli imene waikonda, aibwezere m'mafuta kuti itenthe, amuwazire mchere ndi tsabola, kabichi ndi tomato pambali. Ndowa ilibe zonsezi. Ndi ya pulasitiki yoonekera m'kati, ya chivindikiro, yodzaza mandasi kapena zitumbuwa zomwe zinakazingidwa kunyumba atambala asanalire. Wa chiwaya amaphika kasitomala akuona, pomwe wa ndowa amafika ntchito yamoto itatha kale.

Mpamba wawo ndi wosiyana. Chiwaya chimafuna chitsulo, malo okhazikika, nkhuni za tsiku lonse, malita angapo a mafuta ndi thumba la mbatatesi. Mbatatesiyo sichita bwino kuno kuchigwa chotentha cha nyanja ya Chiuta, moti yambiri imachokera kumtunda kozizira, ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo imafika itakwera mtengo panjira. N'chifukwa chake ena amakazinganso chinangwa ndi mbatata ya kholowa, zomwe zimapezeka pafupi. Mayi wa ndowa angayambe geni ndi kangongole ka kubanki m'khonde. Akasankha zitumbuwa, nthochi zakupsa ndi ufa wa chimanga ali nazo pakhomo. Akasankha mandasi, wadalira fulawa wa tirigu, ndipo tirigu wambiri dziko lino limachita kugula kunja.

Apa ndiye pamene awiriwa akufanana kuposa mmene amaonekera. Onse moyo wa geni yawo uli m'botolo la mafuta ophikira. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, onse anaimva tsiku lokaoda. Wa chiwaya anachepetsa mulu wa tchipisi, wa ndowa anachepetsa kukula kwa mandasi, chifukwa kukweza mtengo kumathawitsa kasitomala msanga kuposa kuchepetsa chakudya.

Malo ndi chuma cha wa chiwaya. Akabaza, oyendetsa njinga zamoto ndi ogula nsomba zouma amadziwa pomupeza, ndipo pachiwaya pamachezeka, nkhani za mpira ndi za mitengo ya nandolo zimathera pomwepo. Koma tsiku lopanda msika, kapena mvula ikagwa kuyambira m'mawa, iye amangoyang'ana mbatatesi yosenda ikuda m'madzi, sangasenze ng'anjo kulondola anthu. Mayi wa ndowa amapita kumene kuli anthu: pachigayo, pachipatala, pabwalo la mpira, pa mawindo a minibasi ku Ntaja ndi ku Liwonde, ngakhale pa sitima yopita ku Nayuchi ikaima. Mtengo wa ufulu umenewu amalipira ndi miyendo ndi khosi, nthawi zina mwana ali kumsana. Chomwe chimandiwawa n'chakuti akatopa kapena akadwala, ndowayo kawirikawiri imagwera mwana wamkazi amene anayenera kukhala m'kalasi.

Pa nkhani ya kukhulupirika, aliyense ali ndi mboni yake. Dera lino lili ndi Asilamu ambiri, choncho wogula nyama amafuna kudziwa amene anazinga mbuziyo, ndipo wa chiwaya wodziwika amayankha funsoli ndi nkhope yake ya tsiku ndi tsiku. Wa mandasi safunsidwa zimenezi, amadziwika ndi kukoma kwa dzanja lake. Mwezi wa Ramadan onse amasintha nthawi, malonda enieni amadikira dzuwa lilowe.

Ukhondo ndiwo umavuta kugamula. Ena amati chiwaya n'chabwino chifukwa chakudya chimachoka pamoto chikutentha, ndipo akunena zoona. Koma kabichi sapita pamoto, mafuta amabwerezedwa mpaka kuda, ndipo madzi osamba m'manja amakhala a m'beseni limodzi kwa onse. Ena amati ndowa n'njabwino chifukwa chivindikiro chimatchinga fumbi ndi ntchentche, ndipo nawonso akunena zoona. Koma khitchini imene munaphikidwa mandasiwo palibe wogula anaiona, ndipo dzanja lolandira ndalama nthawi zina ndi lomwelo lopisa m'ndowa. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayamba kupezeka m'boma la Machinga lomweli mu March 2022. Utafika poipa, boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika, ndipo lamulolo silinasiyanitse chiwaya ndi ndowa. Onse anakhala pakhomo, ngongole zikuwadikira.

Wogwira ntchito yakalavulagaga amene akufuna chakudya chotentha masana adzapitabe pachiwaya, ndipo agogo amene atsala ndi kandalama kochepa pochokera ku chipatala adzaitanabe mayi wa zitumbuwa. Sindikuona chifukwa choti mmodzi achotsedwe kuti wina atsale. Chimene onse akusowa ndi chimodzi, madzi aukhondo pafupi ndi pomwe amagulitsira. Khonsolo ya Machinga, imene imatolera ndalama za matikiti m'misika ya m'bomali, iganizire zoika mpopi, sopo, chimbudzi ndi dzenje la zinyalala pa msika uliwonse mvula isanayambe.