Mmene kamota kamatsatira phazi la dalaivala

Galimoto zakale zinkakhala ndi kebulo yochokera popondera moto kukafika pa kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Dalaivala akaponda, kebuloyo inkakoka kachitsekoko. Galimoto zambiri zimene zimadutsa pa Mponela ndi pa Madisi mumsewu wa M1 masiku ano zilibe kebulo imeneyi. Popondera pali sensa yoyeza mmene phazi lapondera, ndipo kachitseko kaja kamatembenuzidwa ndi kamota. Nanga kamota kopanda maso kamadziwa bwanji poima?

Taganizani za mnyamata woyendetsa ngolo yodzaza matumba a soya m'zitunda za ku Ntchisi. Iye sangolozera ng'ombe njira n'kugona. Maso ake amakhala pa zinthu ziwiri: pamene akufuna kuti ngolo idutse, ndi pamene ikudutsa. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi umene umamuuza zochita.

Ngolo ikapatuka kwambiri, amakoka chingwe mwamphamvu. Ikangopatuka pang'ono, amakokanso pang'ono. Akaona kuti yakhala ikutsetserekera mbali imodzi kwa nthawi chifukwa msewu ndi wopendekeka, amawonjezera mphamvu mpaka itawongoka. Ndipo ikamabwerera m'njira mwaliwiro, amayamba kumasula chingwe isanafike, podziwa kuti katundu wolemera saima nthawi yomweyo. Wosazolowera amakoka mopitirira, ngolo n'kuyamba kupita uku ndi uku mpaka kugwera m'ngalande.

Kompyuta ya galimoto imachita zitatu zomwezi. Imawerenga sensa ya popondera moto n'kudziwa pamene kachitseko kayenera kufika. Sensa ina ya pa kachitsekopo imanena pamene kafika. Kompyutayo imaona kusiyana kwake, n'kuwonjezera kapena kuchepetsa magetsi opita ku kamota, ndipo imabwereza zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kusiyanako kukatha, kamota kamagwira pomwepo. Akatswiri amatcha njirayi PID, ndipo luso lagona pa kulinganiza zitatuzo: mphamvu ikachuluka kamota kamanjenjemera, ikachepa kamachedwa kumvera phazi.

Nzeru imeneyi inachokeradi kwa anthu ogwira chiwongolero. Mu 1922, Nicolas Minorsky anailemba m'masamu ataonetsetsa mmene oyendetsa sitima zapamadzi ankawongolera, ndipo inayesedwa pa sitima yankhondo ya ku America yotchedwa USS New Mexico.

Chofunika kwambiri pano si mphamvu za mota koma uthenga wobwerera kuchokera ku sensa. Uthengawo ukasokonezeka, kompyuta imachepetsa dala mphamvu za injini pofuna kupewa ngozi. N'chifukwa chake galimoto yabwinobwino imatha kulephera kukwera chitunda cha ku Dowa boma, nyale yochenjeza itayaka kutsogolo kwa dalaivala.

Choncho amakaniko ndi eni galimoto, zikatere musathamangire kuphwasula injini. Yambani mwayeza masensa awiriwo ndi mawaya ake, ndipo muone ngati kachitsekoko sikanamatidwe ndi fumbi ndi mafuta.