TIYENDE NAWO ANA M'TAUNI YA MANGOCHI

Ife a kuno ku Ntcheu, kumapiri kozizira, timachita kusonkherana ndalama kuti ana a pamadrasa akaone Mangochi. Chodabwitsa n'chakuti ana ambiri obadwira komweko sanaiyendepo tauni yawo n'kuidziwa.

Inu makolo, tsiku lina mukaswali Fajr, nyamukani nawo dzuwa lisanawawe. Yambirani pa nsanja ya wotchi imene inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Pafupi pomwepo pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Guendolen, imene inamenya nkhondo panyanja mu 1914. Mukatero lowerani kwa Mponda, akuluakulu akawafotokozere anawo za mafumu a Chiyao amene analandira Chisilamu.

Madzulo mukaswali Asr, kaimeni pa mlatho wa Bakili Muluzi. Pansipo mtsinje wa Shire ukutsetsereka kulowera ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chinachepa chifukwa cha makoka a maso aang'ono. Alozereni nkhwazi, migwalangwa ndi milambe, muwauze kuti zonsezi Allah anachita kutisungiza. Mwana sangasamale chinthu chimene sanachionepo.